Kwacha, tambala ndi ngoma pa bolodi la Scrabble

Funso loyamba lachokera kwa bambo wina amene amakhala ku Leeds, ku England. Akuti akusewera ndi ana ake Scrabble, masewera oyala timathabwa ta zilembo pa bolodi kupanga mawu, anayala mawu akuti KWACHA, koma anawo anakana n'kunena kuti pamasewera a Chingelezi sipalowa Chichewa. Ndani akulondola?

Bambo, mapointi anu 18 aja akubwezereni. Mawu akuti KWACHA alimo m'ndandanda wa mawu ololedwa pa Scrabble, chifukwa mitanthauziramawu ya Chingelezi inawalandira ngati dzina la ndalama ya Malawi ndi Zambia. Zambia inayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1968, ife tinatsatira mu 1971. TAMBALA nayenso alimo, pamodzi ndi NGWEE ya anzathu a ku Zambia. Chimene sichiloledwa ndi mayina a anthu, a malo ndi a ziyankhulo, kotero musadzayese kuyala Malawi kapena Chichewa.

Koma pamene anawo akuwaona ngati dzina la ndalama chabe, inu mukudziwa kuti kwacha poyamba si dzina ayi. Ndi mneni wathunthu. Tsinde lake ndi -cha, lomwe lija la "kukacha tinyamuka", ndipo kw- akuimira kunja. Munthu akati "kwacha" wanena chiganizo chonse, kuti mdima watha. Mawuwa anali mfuu ya nthawi yomenyera ufulu, kenako n'kukhala pa ndalama. Ndiye tambala, amene amalengeza kuti kwacha, anakhala wamng'ono wake: matambala 100 ndiwo kwacha imodzi.

Mwaona kuti ndalemba matambala, osati atambala. Apa ndi pamene Chichewa chimakoma. Tambala wa m'khola akachuluka timati atambala, monga timanenera agalu kapena achule. Koma tambala ya m'thumba inasamuka gulu, ndipo timati matambala, chimodzimodzi makwacha. Ngakhale mgwirizano umasintha: "tambala wanga walira" ndi nkhuku, pomwe "ndilibe ndi tambala yomwe" ndi umphawi. Angelezi anatenga mawuwa n'kuwapachika s kumapeto, ndiye pa bolodi KWACHAS ndi TAMBALAS amaloledwa. M'khutu mwanga zimandiwawa, koma bolodi ndi lawo, malamulo ndi awo. Langizo langa n'lakuti mukagwira zilembo zisanu ndi ziwiri za TAMBALA, ziyaleni zonse pakamodzi. Pazokha zimangopereka mapointi 11, koma womaliza zilembo zake zonse nthawi imodzi amawonjezeredwa 50.

Funso lachiwiri n'la mayi wina wa ku Zomba, ndipo ndi limene landisangalatsa koposa. Mwana wawo anayala NGOMA pa Scrabble ya pa foni, foniyo n'kuvomera, n'kunenanso kuti ndi chida choimbira cha ku Africa. Mayiwo akuti iwo amadziwa ng'oma, ndiye akufunsa ngati kalembedwe kathu kanasintha.

Sikanasinthe, mayi. NGOMA ya m'Chingelezi ndi choimbira ndithu, ndipo m'ziyankhulo zina za kuno, monga Chiswahili, amalemba ndi kutchula choncho. Kwa ife ndi mawu awiri osiyana. Ng'oma ndi ija imalira kudambwe ndi pa chinamwali. Ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, imene mungaione ku Liwonde kapena ku Majete. Chowasiyanitsa ndi kachizindikiro kamodzi, nkhodolero, ndipo liwu lake n'losiyana: pa ngoma g amamveka bwinobwino, pa ng'oma liwu limatulukira m'mphuno monga pa ng'ombe ndi ng'ona. Mwana akazolowera za pa foni n'kukalemba m'chimangirizo kuti "anaimba ngoma usiku wonse", aphunzitsi adzam'funsa kuti nyamayo anaigwira bwanji.

MBIRA nayo imachita zomwezo. Pa Scrabble ndi choimbira cha Ashona a ku Zimbabwe, cha tizitsulo toimba ndi zala. Kwathu mbira ndi kanyama kamene ana amaweta kuseri kwa khitchini. Mapointi ndi omwewo, koma musamuuze Mngelezi kuti mbira zanu zaswana.

Lachitatu lachokera kwa mphunzitsi wa sekondale amene akufuna kukonzera ophunzira ake masewera odzaza mawu m'timabokosi, komanso ofanana ndi Wordle, aja ongoganizira mawu a zilembo zisanu mwa kuyesa kasanu ndi kamodzi. Akufunsa kuti ng', ch, ph ndi th aziwerengedwa ngati chilembo chimodzi kapena ziwiri.

Aphunzitsi, apa ndipereka maganizo anga, chifukwa masewerawa anawakonzera Chingelezi. Ch, ph, th ndi kh alekeni akhale mabokosi awiriawiri. Mukatero nsima, mbuzi, phala ndi khasu onse ndi mawu a zilembo zisanu, ndipo wophunzira amakakamizika kukumbukira h amene ambiri amamusiya polemba mauthenga pa foni. Koma ng' ndikanam'patsa bokosi limodzi, pakuti nkhodolero ilibe pokhala payokha, ndipo kuitaya ndiko kubwerera ku nkhani ya ngoma ija. Si zachilendo: Scrabble ya Chiwelshi ili ndi kathabwa kamodzi ka NG ndi kena ka LL, ya Chisipanishi ili ndi ka RR.

Ngati mungafune kusewera Chichewa pa bolodi la Chingelezi, konzekerani kuvutika. Mwa timathabwa 100, K alipo mmodzi yekha, Z mmodzinso, pomwe ife ku- ndi zi- timawatchula pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Z amapereka mapointi 10 chifukwa m'Chingelezi ndi wosowa, ndiye wogwira Z pa Chichewa wapambana asanayambe. Q ndi X alibe ntchito konse. Atengeni awiriwo, matani kapepala pamwamba, wina mulembe K, winayo ng'.