Pamene tsamba lili pa kompyuta yanu koma seva ili kwina

Mmodzi mwa awerengi athu anditumizira imelo yofunsa zinthu ziwiri. Iwo akulemba pulogalamu ya React (chida cha JavaScript chopangira masamba a pa intaneti) imene amaiyendetsa ndi Vite (chida chotsegulira tsambalo pamene likulembedwa) pa laputopu yawo, koma pulogalamuyo ikulephera kulandira deta kuchokera ku Tomcat, seva yoyendetsa mapulogalamu a Java, imene ili pa makina ena ku ofesi, komanso ma breakpoint (zizindikiro zoimitsa pulogalamu pa mzere wina kuti uifufuze) amene anaika mu Java sakuimitsa kanthu.

Achimwene, muli ndi mapulogalamu awiri amene akuyenda pa makina awiri, ndipo iliyonse iyenera kufufuzidwa payokha. Musanasinthe mzere uliwonse, dinani F12 mu Chrome, mupite pa Network, muone ngati pempho lanu likufika ku seva ndiponso zimene sevayo ikuyankha.

Ndikukhulupirira kuti mupeza uthenga wonena za CORS, malamulo amene browser imatsatira tsamba likapempha deta ku gwero lina. Vite imatsegula tsamba pa localhost:5173 pomwe Tomcat imamvera pa port 8080 ya adiresi ina, ndipo kwa browser, amenewa ndi magwero awiri osiyana, choncho imakana kupatsa JavaScript yanu yankho pokhapokha seva itavomereza kudzera mu Access-Control-Allow-Origin. Ambiri amathamangira kuika nyenyezi (*) pamenepo kuti aliyense aloledwe, koma ine sindikugwirizana nazo, chifukwa nyenyeziyo sigwira ntchito pa pempho lonyamula cookie (kachidziwitso kamene seva imasungitsa mu browser), ndipo kawirikawiri imaiwalika mpaka pulogalamu itafika kwa anthu. Palinso vuto lina: kuyambira pa Chrome 80 mu 2020, cookie yopanda SameSite (chizindikiro chonena kumene ingatumizidwe) imatengedwa ngati Lax, kutanthauza kuti siyenda ndi pempho la JavaScript lochokera pa tsamba la adiresi ina, kotero JSESSIONID yanu, cookie imene Tomcat imakuzindikirirani nayo, situmizidwa ku seva yakunja, ndipo mumaoneka ngati simunalowe ngakhale mwangolowa kumene.

Njira imene ndimaikonda ndi kulemba server.proxy mu vite.config.js, kuti pempho lililonse loyamba ndi /api lidutse mu Vite n'kupita ku Tomcat, mutaikanso changeOrigin kukhala true. Mukatero browser imaona gwero limodzi lokha, ndipo mavuto awiriwa amatha osakhudza seva.

Ma breakpoint sakuima chifukwa IDE yanu (pulogalamu yolembera code) sinalumikizidwe ku JVM (pulogalamu yoyendetsa Java) ya makina enawo. Yambitsani Tomcat ndi lamulo lakuti catalina.sh jpda start, limene limatsegula port 8000, kenako mu IntelliJ IDEA musankhe Remote JVM Debug, kapena Remote Java Application ngati muli pa Eclipse. Onetsetsani kuti code imene mwatsegula ndi yomweyo imene inapanga WAR (fayilo ya pulogalamu yoikidwa mu Tomcat) yomwe ili pa seva, apo ayi debugger idzaima pa mizere yolakwika n'kukusokonezani kwambiri.

Apa pakufunika kusamala ndithu. JDWP, njira imene debugger imalankhulirana ndi JVM pa port 8000, sifunsa dzina kapena password, ndipo aliyense amene angafike pa port imeneyi angathe kuyendetsa chilichonse pa sevayo, choncho musaitsegule ku intaneti ngakhale kwa tsiku limodzi. Isiyeni imvere pa localhost, inu mudutse pa SSH (njira yotetezeka yolumikizira makina ena) ndi ssh -L 8000:localhost:8000 motsatiridwa ndi adiresi ya sevayo, IDE yanu ilumikizane ndi localhost ya laputopu. Ndipo ngati anzanu ku ofesi akugwiritsanso ntchito seva yomweyo, mu IntelliJ IDEA sinthani Suspend ya breakpoint kuchoka pa All kupita pa Thread, chifukwa mukapanda kutero, nthawi yonse imene mukuwerenga ma variable anu, pulogalamu idzakhala itaima kwa iwo onse.