Kodi Arteta achoke? Yankho kwa m'bale wa ku Mzuzu

Arsenal itagonja 1-0 kwa Liverpool ku Anfield pa 31 Ogasiti 2025, ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Mzuzu amene akuti anayamba kusapota timuyi m'masiku a Nwankwo Kanu. Analemba zambiri, koma pamene panagona nkhani ndi apa: "Zaka zitatu zotsatizana tathera pa nambala 2. Ndalama zalowa zosaneneka. Kodi Arteta ameneyu nzeru sizinamuthere? Ndiuzeni zoona, ligi ya 2025/26 titenga, kapena tiyambiretu kulira?"

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ululu wanu ndikuudziwa chifukwa ndi wanganso. Pamene ndikulemba izi mu Seputembala 2025, chikho cha ligi tinachigwira komaliza mu 2004, chaka chimene timu ya Arsène Wenger inamaliza masewera onse 38 osagonja, kupambana 26 ndi kufanana mphamvu 12. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ndevu, mwina ali pabanja. Ndiye munthu akakwiya sindimudabwa. Koma yankho langa ndi lakuti Arteta, mphunzitsi wa Arsenal, asachoke. Ndikufotokozerani chifukwa chake, kenako ndikuuzeninso chimene chimandidetsa nkhawa pa iyeyo, pakuti chilipo ndipo si chaching'ono.

Tiyambe takumbukira nyumba imene anaipeza. Mikel Arteta anabwera mu Disembala 2019, Unai Emery atachotsedwa. Anali asanaphunzitsepo timu payekha, anali wothandizira Pep Guardiola ku Manchester City. Anapeza osewera olandira ndalama zochuluka koma mtima wa mpira palibe, kumbuyo kukudontha ngati denga la udzu wakale. Anatenga FA Cup mu Ogasiti 2020 pogonjetsa Chelsea 2-1 ndi zigoli ziwiri za Aubameyang, koma mu ligi tinathera pa nambala 8, chaka chotsatira pa nambala 8 pomwepo. Mu Disembala 2020 tinali pa nambala 15. Mu Ogasiti 2021 tinagonja masewera atatu oyambirira, kwa Brentford, Chelsea, ndi City imene inatithira 5-0, n'kukhala pansi penipeni. Nthawi imeneyo ndi imene eni timu, banja la a Kroenke, akanamuthamangitsa, ndipo ambirife tikanawaombera m'manja. Anamusunga. Anamulola kuchotsa Mesut Özil, anamulola kulanda Aubameyang ukaputeni n'kumutsegulira chitseko cha ku Barcelona, ngakhale zinatanthauza kutaya ndalama. Anamanga timu pa ana: Saka, Martinelli, Saliba, ndi Ødegaard amene Real Madrid inkamusowa pomuika. Tinakwera kufika pa nambala 5 mu 2022, kenako nambala 2.

Zaka zitatu zimene mukuzinenazo musaziike m'thumba limodzi, achimwene. Chaka chilichonse chinali ndi matenda akeake.

Cha 2022/23 ndi chimene chimandiwawabe mpaka lero. Kumayambiriro kwa Epulo tinali patsogolo ndi mapointsi 8, ngakhale City inali ndi masewera amodzi m'manja. Koma chinthu chinali chitathyoka kale mu Marichi, pamene William Saliba anavulala msana posewera ndi Sporting mu Europa League, Tomiyasu nayenso n'kuvulala usiku womwewo. Wolowa m'malo anali Rob Holding, munthu wolimbikira koma wopanda liwiro lofunika pa timu imene imaimika otchinga ake pafupi ndi pakati pa bwalo. Tinatsogola 2-0 ku Liverpool, zinatha 2-2. Tinatsogola 2-0 ku West Ham, zinathanso 2-2, Saka ataphonya penate. Kenako Southampton, timu imene inali pansi pa onse. Linali Lachisanu usiku, ndinali m'kanyumba koonetsera mpira ku Bangwe, mabenchi odzaza, ena atakhalira makreti, ena ataima pakhomo n'kumasuzumira pamapewa a anzawo. Mkulu amene ndinakhala naye pafupi anali asanatsegule n'komwe botolo lake pamene goloboyi wathu Aaron Ramsdale anapatsira mpira Carlos Alcaraz wa Southampton m'miyendo, chigoli mphindi imodzi isanakwane. Botolo lija analigwira chomwecho, chotsegulira chili kudzanja lina, mpaka Theo Walcott, mwana wathu wakale, anawonjezera chachiwiri. Zinatha 3-3, Ødegaard ndi Saka atabweza kumapeto, ndipo panalibe amene anakondwerera pointi imeneyo. Tinatuluka mwakachetechete ngati tikuchokera kumaliro. Patangopita masiku asanu City inatimenya 4-1 ku Etihad. Tinamaliza ndi mapointsi 84, iwo 89. Chaka chimenecho timu inali ndi anthu 11 abwino, benchi yopanda kanthu.

Cha 2023/24 sindimuimba mlandu munthu. Declan Rice anabwera kuchokera ku West Ham pa mapaundi 105 miliyoni, David Raya analanda golo, Havertz anazolowera pang'onopang'ono. Tinamwetsa zigoli 91, tinachinyidwa 29 zokha, tinapeza mapointsi 89. City inapeza 91. Mungaloze kugonja kwa West Ham ndi Fulham kumapeto kwa Disembala, kapena Aston Villa ya Emery imene inatichinya 2-0 pakhomo mu Epulo, koma timu yopeza 89 yagwira ntchito ya akatswiri. Jürgen Klopp anapeza 97 ndi Liverpool mu 2019 osatenga chikho.

Cha 2024/25 ndiye pali nkhani, chifukwa City inagwa yokha, khomo linatseguka, ndipo amene analowa ndi Liverpool ya Arne Slot. Iwo 84, ife 74. Taonani chiwerengero ichi: tinagonja masewera 4 okha, chimodzimodzi ndi Liverpool, koma tinafanana mphamvu ka 14. Ligi inatayika pamenepo. Zigoli zinatsika kuchoka pa 91 kufika pa 69, ndipo panalibe wosewera ngakhale mmodzi amene anafika pa zigoli 10 mu ligi. Havertz ndiye anatsogola ndi 9, pamene Salah wa Liverpool yekha anali ndi 29. Makhadi ofiira anatidya kumayambiriro: Rice ndi Brighton, Trossard ku City, Saliba ku Bournemouth. Ødegaard anavulala mu Seputembala, Saka mu Disembala, Gabriel Jesus bondo mu Januwale, Havertz mu Febuluwale. Tinafika poimika Mikel Merino, munthu wapakati, kutsogolo. Anayesetsa, Mulungu amudalitse, koma timu yofuna ligi siyenera kufika pamenepo.

Apa mpamene ndimasiyana ndi amene amaloza Arteta yekha. Aliyense woonera mpira, kuyambira ku London mpaka ku Chibavi kwanuko, ankaona kuti tikufunika womwetsa zigoli. Msika wa chilimwe cha 2024 unabweretsa Calafiori, Merino, ndi Raheem Sterling wobwereka tsiku lomaliza, amene sanamwetse ngakhale chimodzi mu ligi. Mu Novembala Edu, mkulu woona zogula osewera, anatula pansi udindo. Msika wa Januwale unapeza mpando umenewo ulibe mwini wokhazikika. Anayesa Ollie Watkins, Villa inakana, msika unatsekedwa osagula munthu. Limenelo ndi vuto la mu ofesi. Arteta ali ndi mbali yake, chifukwa kuyambira 2020 ali ndi mawu amphamvu pa zogula ndipo kwa nthawi yaitali ankakonda kugula otchinga kumbuyo. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli linagwera onse.

Ndisaiwale, chaka chomwecho ndi chimene tinachotsa Real Madrid mu Champions League, 3-0 kwathu ku Emirates ndi mafirikiki awiri a Rice aja, 2-1 ku Bernabéu, tisanagwe kwa PSG mu ndime yotsatira. Mphunzitsi amene nzeru zamuthera sachita zimenezo.

Tsopano zinthu zasintha. Andrea Berta, amene anakhala zaka zambiri ku Atlético Madrid, anatenga mpando wa Edu mu Marichi 2025, ndipo msika wake woyamba wagunda malo enieni amene ankapweteka. Viktor Gyökeres wabwera kuchokera ku Sporting, kumene anamwetsa zigoli 39 mu ligi ya ku Portugal ya 2024/25. Martín Zubimendi wachokera ku Real Sociedad kudzakhala patsogolo pa otchinga, zimene zikumasula Rice kuti azipita kutsogolo. Eberechi Eze wa ku Crystal Palace, Noni Madueke, Mosquera, Hincapié, Nørgaard, Kepa. Taonani zimene zinachitika ku Anfield komweko: Saliba anatuluka mphindi zisanu zoyambirira, analowa Cristhian Mosquera, mnyamata wa zaka 21, ndipo kumbuyo sikunagwedezeke. Mu 2023 kuvulala kwa Saliba yemweyo kunatilanda chikho. Zimenezi ndi zimene zikundipatsa chiyembekezo kuposa dzina lililonse lalikulu.

Koma walira mvula walira matope. Zida zonse wapatsidwa, ndiye chobisalira chatha, ndipo apa mpamene nkhawa yanga ikubwera.

Arteta amaopa kugonja kuposa mmene amafunira kupambana. Ndanena zimenezi kwa anzanga kambirimbiri, ena amakwiya, koma ndimaziona ndi maso. Mpira wake ndi wa dongosolo: aliyense pamalo pake, mpira usatayike pakati, mdani asapeze mpata wothamanga. N'chifukwa chake ndife amene tachinyidwa zigoli zochepa mu ligi zaka ziwiri zotsatizana. N'chifukwa chakenso makona athu, amene amakonza Nicolas Jover, akhala chida choopsa, Gabriel akudumphira mpira ngati munthu wolanda chake. Ngakhale ku Old Trafford, pa masewera athu oyamba a ligi ya 2025/26, chigoli cha Calafiori chinachokera pa kona. Anthu otiseka chifukwa cha makona sindiwamvera, chigoli ndi chigoli. Vuto limabwera timu ikatseka khomo, anthu khumi kumbuyo kwa mpira. Pamenepo mpira wathu umangozungulira, kuchoka kwa Saliba kupita kwa Gabriel, kubwerera, kupita kudzanja lamanja kwa Saka amene wazingidwa ndi anthu awiri, kubwereranso. Woonera umamva mphindi zikutha m'mafupa. Palibe amene akuyerekeza kudutsa munthu pakati, palibe woponya mpira wangozi, ngati kuti aliyense akuopa kukafunsidwa Lolemba. Masewera 14 aja ambiri anali a mtundu umenewu, kapena tinatsogola ndi chimodzi n'kubwerera m'mbuyo kukachisunga mpaka chinabwezedwa.

Ku Anfield ndinaona zomwezo. Saka kunalibe, Ødegaard sanali bwinobwino, zimenezo ndikuvomereza. Koma pakati anayambitsa Rice, Zubimendi ndi Merino, anthu atatu amphamvu opanda woluka, Eze ali pa benchi. Liverpool imene inali itachinyidwa zigoli ziwiri ndi Bournemouth, ziwirinso ndi Newcastle, sitinaiyese mokwanira. Tinapita kukafuna pointi, ndipo Szoboszlai anatilanda ndi firikiki imodzi kutatsala mphindi zochepa. Firikiki imeneyo palibe goloboyi akanaigwira. Chimene chinandipweteka ine ndi mphindi 80 zimene zinadutsa isanamenyedwe.

Ndiye mufunsa, ngati mukuona zonsezi, bwanji osamuchotsa? Chifukwa vuto limeneli ndi lochizika, ndipo wolichiza ali kale m'nyumba. Kuchotsa mphunzitsi kumatanthauza kugwetsa zimene zamangidwa zaka zisanu ndi theka, kubweretsa munthu wofuna osewera akeake, n'kuyambanso kuwerenga. Manchester United yachita zimenezi kuyambira pamene Alex Ferguson anapuma mu 2013: Moyes, Van Gaal, Mourinho, Solskjær, Ten Hag, kenako Amorim, ligi osaiona, ndipo mu 2024/25 anathera pa nambala 15. Ferguson yemweyo anafika mu 1986, ligi anaitenga mu 1993. Klopp anafika mu 2015, anaitenga mu 2020. Ndipo tandiuzeni, achimwene, ndani ali pa msika lero amene mungalumbire kuti adzaposa munthu amene wapeza mapointsi 84, 89 ndi 74? Mgwirizano wa Arteta ukutha mu 2027. Ngati chaka chino timu ino, ndi benchi imeneyi, ithera kutali ndi chikho chifukwa cha mantha omwewa, ndidzakhala woyamba kulemba kuti nkhani ikambidwe. Lero ayi.

Za funso lanu lomaliza lija. Inde, ndikukhulupirira kuti tingatenge, ndipo ndikuona kuti mwayi wathu ndi waukulu kuposa zaka zitatu zapitazi. Liverpool yagula Wirtz, Ekitike, ndi Isak pa mapaundi 125 miliyoni, koma yasintha zambiri nthawi imodzi, Trent Alexander-Arnold wapita, ndipo kumbuyo kwawo kukuoneka mipata. City ikumanganso, De Bruyne wachoka, yagonja kale kawiri m'masewera atatu. Ifeyo msana wa timu ndi womwe uja, Raya, Saliba, Gabriel, Rice, Ødegaard, Saka, anthu odziwana ndiponso a msinkhu woyenera. Gyökeres musamuyembekezere kumwetsa 39, England si Portugal, ndipo masewera ena adzaoneka ngati mlendo. Akangotipatsa zigoli zosandutsa 1-1 kukhala 2-1 kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, amenewo ndi mapointsi 10 kapena 12, ndipo Liverpool inatisiya ndi 10.

Musayambe kulira, achimwene, masewera atsala 35. Pa 21 Seputembala City ikubwera ku Emirates. Tsiku limenelo, mndandanda wa oyamba ukangotuluka, ine ndidzafufuza dzina la Eze ndisanayang'ane china chilichonse. Mudzandilemberenso akatha masewerawo.