Mafunso ndi Mayankho: Malo a Mabuku a Nthano M'phunziro la Kuwerenga

Mwezi uno makalata atatu ochokera kwa aphunzitsi akhudza nkhani imodzi, yomwe ndi ya mabuku a ana ndi achinyamata m'kalasi, choncho ndawayankha pamodzi. Makalatawo ndawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina a eni ake sindinawalembe monga momwe iwo adapemphera.

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimaphunzitsa ana a zaka 8 ndi 9. Sukulu yathu idalandira bokosi la mabuku a nthano okhala ndi zithunzi, koma lakhala chitsekere mu ofesi kwa miyezi ingapo chifukwa aphunzitsife sitikumvana. Ena akuti mabukuwo ndi ongosangalatsa ana ndipo atidyera nthawi yomalizira silabasi, pomwe ena akuti tisiye buku la ophunzira n'kumaphunzitsa ndi nthanozo basi. Kodi akunena zoona ndani?

YANKHO: Aphunzitsi, ndisanalowe mu mkangano wa anzanuwo, pempho langa ndi lakuti bokosilo litsekulidwe sabata ino, chifukwa ana amene mabukuwo adabwerera akukula ndipo sadzakhalanso ndi zaka 8 kachiwiri. Pa funso lanulo, ndikuona kuti mbali iliyonse yagwira mwendo umodzi wa nkhaniyi n'kumayesa kuti yagwira nyama yonse.

M'chaka cha 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, adafotokoza za kuwerenga m'njira imene mphunzitsi aliyense wa masamu angaimve msanga. Iwo adati kumvetsa zimene munthu akuwerenga kumatuluka tikachulukitsa maluso awiri, lina lozindikira mawu olembedwa pophatikiza malembo ndi maliwu ake, ndipo lina lomvetsa chilankhulo chimene mawuwo alembedwamo. Taonani kuti adanena za kuchulukitsa osati kuwonkhetsa, kutanthauza kuti limodzi la malusowa likakhala ziro, yankho nalonso ndi ziro, ngakhale linzakelo likule chotani.

Anzanu amene akufuna kutaya buku la ophunzira aiwala luso loyambalo. Mwana sadziwa yekha kuti lembo lakuti limatulutsa liwu lakuti pongokhala pafupi ndi mabuku okongola. Amafunika kuphunzitsidwa maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo, kuyambira zosavuta kupita ku zovuta. Lipoti la gulu la akatswiri lotchedwa National Reading Panel la ku America, lomwe lidatuluka mu 2000 gululo litasanthula kafukufuku wambiri, lidatsimikiza kuti kuphunzitsa maliwu mwadongosolo kumathandiza ana kwambiri kuposa kuwasiya kuti azingolota mawu. Ndidaonapo mtsikana wina atatsegula tsamba lokhala ndi chithunzi cha anthu akuwoloka mtsinje. Chala chake chidali pansi pa mawu akuti "ngalawa", koma maso ake adali pa chithunzi, ndipo adanena molimba mtima kuti "bwato". Tanthauzo adalipeza ndithu, koma mawuwo sadawawerenge, ndipo tsiku limene zithunzi zidzathe m'mabuku ake adzasowa pogwira ngati palibe womubwezera ku malembowo.

Koma amene akuti nthano ndi zongotayitsa nthawi akulakwitsa kwambiri kuposa anzawo aja, ndipo pamenepa ndi pamene mtima wanga uli. Luso lachiwiri lija, lomvetsa chilankhulo, silikula ndi ziganizo zifupizifupi za m'buku la ophunzira, zimene zidalembedwa mwadala ndi mawu ochepa kuti mwana ayeserere maphatikizo. Limakula mwana akamakumana ndi mawu amene samveka kawirikawiri m'macheza a tsiku ndi tsiku. Donald Hayes ndi Margaret Ahrens, mu 1988, adawerengetsa mawu osowa oterewa m'zolembedwa ndi m'zolankhulidwa za Chingerezi, ndipo adapeza kuti pa mawu 1,000 alionse, mabuku a ana adali ndi mawu osowa pafupifupi 31, pomwe macheza a anthu ophunzira mpaka ku yunivesite adali ndi pafupifupi 17 okha. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu akamalankhula amathandizidwa ndi manja, nkhope ndi kukweza kapena kutsitsa mawu, pomwe wolemba alibe zonsezo, choncho amakakamizika kusankha mawu enieni, monga "adanyang'ama" kapena "adatsimphina" m'malo mongoti "adayenda".

Za silabasi zija, mverani zimene zidachitika ku zilumba za Fiji. Kuyambira mu 1980, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai adapereka mabuku a nthano pafupifupi 250 ku kalasi iliyonse m'sukulu zina za kumidzi, kumene ana ankaphunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachiwiri. Mphindi 20 mpaka 30 za phunziro la tsiku lililonse zidaperekedwa ku mabukuwo, m'makalasi ena aphunzitsi akuwerenga limodzi ndi ana, ndipo m'makalasi ena ana akuwerenga okha chamumtima. Patatha miyezi 8, ana amenewa adapita patsogolo pa kumvetsa nkhani mofulumira pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi momwe zinkakhalira nthawi zonse. Nthawiyo idachotsedwa pa phunziro lomwelo, sidawonjezedwe, koma ana sadatsalire m'mbuyo.

Tsono mungachite bwanji? Choyamba, buku lililonse muliwerenge nokha musanapite nalo kwa ana, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo alipo mabuku a chikuto chowala koma nkhani yake yozizira, imene ngakhale inu simungafune kudziwa mathero ake. Mukamawerenga, sankhani mawu atatu kapena anayi oti mukawafotokoze, ndipo ikani kapepala m'malo awiri kapena atatu pamene mudzaime. M'kalasi muonetse ana chikuto, muwerenge mutu, ndi kuwapempha kuti alosere zimene zichitike. Kenako werengani mokweza ndi mawu amoyo, bukulo mutalitembenuzira kwa iwo, ndipo mukafika pamene mpangankhani watambasula dzanja kuti atsegule chitseko choletsedwa, imani chala chili pa ngodya ya tsamba, muwayang'ane, muwafunse kuti, "Inu mukadakhala iyeyu, mukadatsegula?" Muwapatse mphindi imodzi yoti aliyense anong'onezane ndi mnzake wapafupi, kuti onse alankhule, osati atatu okha amene amakweza manja masiku onse. Tsiku lotsatira bwerezani buku lomwelo, popeza pa ulendo wachiwiri ndi pamene ana amamva bwino mawu amene adawadumpha pothamangira kudziwa mathero.

Musiyanitse mitundu iwiri ya mabuku m'bokosilo. Buku limene inu mukuwerengera ana likhoza kukhala lovuta kuposa limene angathe kuwerenga okha, chifukwa pa msinkhu umenewu makutu a mwana amamva zambiri kuposa zimene maso ake angawerenge. Buku loti mwana awerenge yekha lizikhala lakuti pa mawu 100 alionse akudziwapo 95 kapena kuposerapo. Njira yachidule yoyesera ndi iyi: mwana awerenge tsamba limodzi ndi kupinda chala nthawi iliyonse akakumana ndi mawu omukanika, ndipo zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo liyambe ladikira. Chizolowezi choti ana aziwerenga chiganizo chimodzichimodzi motsatira mzere wa mabenchi ndikukulangizani kuti muchichepetse, chifukwa mwana wamantha amangowerengetsa mitu ya anzake kuti apeze chiganizo chake, osamvanso nkhani. Kuwerenga awiriawiri, ndi kubwereza ndime yomweyo katatu kapena kanayi, n'kumene kumathandiza mwana kuwerenga mosadodoma.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka ndikachiona. Mphunzitsi amawerenga nthano bwinobwino, ana ali duu, ena misozi ili lengelenge, kenako amalemba pa bolodi mafunso khumi ofunsa mtundu wa malaya ndi dzina la galu. Katswiri wina wa za kuwerenga, Louise Rosenblatt, adasiyanitsa kuwerenga kofuna kutolamo mfundo ndi kuwerenga kokhala m'kati mwa nkhani n'kumaimva mumtima, ndipo adachenjeza kuti sukulu zimakonda kusandutsa kwachiwiriku kukhala koyamba kuja. Mafunso awiri abwino oyamba ndi "chifukwa chiyani" ndi okwanira, ndipo masiku ena ingotsekani buku, muwasiye ana apite nayo nthanoyo mumtima.

FUNSO: Ine ndimaphunzitsa achinyamata a zaka 14 mpaka 16, ndipo ambiri amawerenga movutikira. Mabuku osavuta amawakana kuti ndi a makanda, pomwe nthano zazitali zolembera achinyamata zimakamba za chikondi, imfa, mimba zosayembekezera ndi mankhwala ozunguza bongo, moti ndikuopa kuti makolo andiimba mlandu. Ndichite chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, vuto limene mukuliona lidafotokozedwa bwino ndi Keith Stanovich mu 1986, pobwereka mawu a pa Mateyu 25:29 onena kuti amene ali nazo adzawonjezeredwa, koma amene alibe adzalandidwa ngakhale zochepa zimene ali nazo. Mwana wowerenga bwino amawerenga zambiri, n'kudziwa mawu ambiri, n'kumawerenga bwino koposa, pomwe wovutika amathawa mabuku, ndipo mpata wapakati pa awiriwa umakulirakulira chaka ndi chaka. Pofika zaka 15 pamakhala pawonjezeka manyazi. Ndimakumbukira mnyamata wina wamtali, wa mawu a besi, amene ankabisa kabuku ka zithunzi m'kati mwa kope lake lalikulu kuti anzake asaone chimene akuwerenga. Kuwerenga ankakufuna, koma sankafuna kusekedwa.

Wachinyamata wotere amafunika buku la ziganizo zosavuta koma nkhani yake ya msinkhu wake, ndipo mabuku oterowo alipo. Musanyoze nkhani zojambulidwa, mbiri za osewera mpira, mabuku ofotokoza za nyama kapena makina, ndakatulo ndi nkhani zazifupi, chifukwa ophunzira ambiri amene amati sakonda kuwerenga amatanthauza kuti sakonda zimene akhala akupatsidwa. Ikani mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi pa tebulo, muwerenge mokweza tsamba loyamba la lililonse, kenako muwalole asankhe okha ndi kukhala m'magulu a anthu anayi kapena asanu motsatira buku limene asankha. M'gululo azisinthana ntchito zinayi zimene Annemarie Palincsar ndi Ann Brown adaziyesa mu 1984 ndi ophunzira ovutika kumvetsa nkhani: kulosera, kufunsa mafunso, kumasulira pamene sipakumveka, ndi kunena mwachidule zimene zawerengedwa. Ndipo musaleke kuwawerengera mokweza poganiza kuti akula.

Posankha, kumbukirani fanizo la Rudine Sims Bishop la mu 1990, lakuti mabuku ena ali ngati kalilole amene mwana amadzioneramo, ndipo ena ali ngati zenera loonerapo moyo wa anthu ena. Wophunzira amafunika zonse ziwiri, koma amene sadadzionepo m'buku lililonse amayamba kukhulupirira kuti mabuku adalembedwera anthu ena.

Za mitu yovuta ija, mantha anu ndikuwamvetsa, koma maganizo anga ndi akuti achinyamatawa akukumana nazo kale zimenezi, ndipo n'kwabwino kuti azikambirane pamaso pa munthu wamkulu wowafunira zabwino. Liwerengeni buku lonse kufikira tsamba lomaliza, mudzifunse ngati likuonetsa zotsatira za zochita za ampangankhani moona mtima kapena likungokometsera zoipa. Mukakhutira nalo, muwaonetse aphunzitsi aakulu, muwadziwitse makolo za mutu wake ndi chifukwa chimene mwalisankhira, ndipo mukhale ndi buku lina loti mupatse wophunzira amene sangakwanitse nkhani ya imfa chifukwa wangoferedwa kumene. Pokambirana, funsani za mpangankhani osati za moyo wa wophunzira, ndipo wina akadzakutsatirani payekha n'kukuululirani kuti zimene zili m'bukumo zikumuchitikira, mumumvetsere modekha ndi kutsatira ndondomeko ya sukulu yanu yotetezera ana.

FUNSO: Kalasi yanga ndi yaikulu kwambiri, koma mabuku a nthano tili nawo 12 okha. Kodi n'zotheka kuphunzitsa nawo?

YANKHO: N'zotheka, aphunzitsi. Buku limodzi lowerengedwa mokweza limafikira kalasi yonse nthawi imodzi. Ku New Zealand, Don Holdaway adafalitsa njira yogwiritsa ntchito mabuku akuluakulu a malembo ooneka patali, kuti ana onse azitsatira mawu limodzi ndi mphunzitsi, ndipo inunso mukhoza kulemba ndime ya nthano pa pepala lalikulu ndi kumaloza mawu ndi kamtengo. Ngati muli ndi mwayi wa intaneti, masamba a pa intaneti otchedwa African Storybook ndi StoryWeaver ali ndi nthano zambiri m'zilankhulo zosiyanasiyana, zimene n'zololedwa kusindikiza ndi kumasulira mwaulere. Yambani ndi za m'chilankhulo chimene ana amalankhula kwawo, popeza mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chilankhulo chimene akuchimva kale. Mabuku 12 aja muwakutire bwino, muwalembe manambala, ndipo musankhe ophunzira awiri oti azisunga kope lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza. Gawani kalasi m'magulu, kuti pamene gulu limodzi lili ndi mabukuwo, ena akulemba kapena kujambula za nthano ya dzulo, ndipo Lachisanu lililonse mabukuwo azisinthidwa kupita ku gulu lotsatira.