Akuitanani ku tea room ku Atlanta? Nsima ya kunyumba idikire

Mayi wina amene wangokwatiwa kumene ku Atlanta, mzinda wa m'chigawo cha Georgia ku America, wandilembera imelo. Apongozi ake amuitana kukadya nkhomaliro ku Mary Mac's Tea Room, ndiye akufunsa ngati ayambe wadya nsima kunyumba, kuopa kukabwerako ndi njala atangomwa tiyi ndi sikono.

Achemwali, funso lanu landilasa pamtima. Nditangofika kumene ku Georgia chakudya chinkangodutsa pakhosi koma mimba osamva kanthu. Ndinaonda mpaka mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu anandigwira dzanja n'kupita nane kumalo omwewo, pa Ponce de Leon Avenue. Patebulo panali timapepala ndi mapensulo, chifukwa kumeneko chimene ukufuna umalemba wekha. Atamva kuti ndine mlendo anandibweretsera kambale ka pot likker, msuzi wotsala akaphika masamba a collard, pamodzi ndi kachigumu ka chimanga konyenyera m'menemo. Nditamwa msuziwo ndinangoti zii. Mayi uja osandifunsa kanthu, anangondikankhira mbale yake ya khobwe.

Malowa anatsegulidwa mu 1945 ndi Mary MacKenzie, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pamene azimayi ambiri ankafuna popezera ndalama zodyetsera ana. Mu Atlanta munali malesitilanti 16 otchedwa tea room, ndipo otsala ndi amenewa okha. Margaret Lupo ndiye anadzawakuza kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2011 aphungu a ku Georgia anawatcha chipinda chodyera cha Atlanta.

Koma chimene chimandiwawa n'chakuti ife timalowa m'malo otere mwamanyazi, ngati tikukadya za eni. Za eni ziti? Therere ndi khobwe anafika ku America kuchokera ku Africa m'nthawi ya ukapolo. Maphikidwe ambiri a kum'mwera kuja anakhwimira m'manja mwa azimayi akuda, amene m'malesitilanti ambiri ankaloledwa kuphika koma osaloledwa kukhala pansi n'kudya, mpaka lamulo la ufulu wa anthu la 1964. Ndiye inu muziopa foloko? Ayi ndithu. Ndipo anzathu aja onena kuti popanda nsima sanadye, atadya kale ntchafu ziwiri za nkhuku, mbatata ndi makaroni a tchizi, ine ananditopetsa.

Tiyi yekha ndiye sindinagwirizane naye mpaka lero. Ngozizira, wodzaza ayezi, wopanda mkaka, shuga wake wochita kuwawitsa mano, ndipo ukangomwako pang'ono akubwera kudzakuthirira wina. Munthu wokulira pa tiyi wa ku Thyolo wotentha mpaka kupsereza lilime sangazimvetse. Therere lawonso amalikazinga m'mafuta atalipaka ufa, moti kuterera konse kumatha. N'lokoma, sindikana, koma ndimalimvera chisoni.

Nanga muitanitse chiyani?

Pitani ndi njala. Lembani nkhuku yokazinga, masamba a collard ndi khobwe, ndipo mukapirira mutsirize ndi peach cobbler, mapichesi ophikidwa mu uvuni ndi ufa ndi shuga. Chotsala pemphani bokosi, palibe angakusekeni. Apongozi akatulutsa khadi musalimbane nawo. Mukalipira ndinu, onjezani 15 mpaka 20 peresenti ya woperekera zakudya.