Kodi mwana wa zaka 3 ndizipita naye ku Blantyre kukaphunzira nyimbo?

Mwa makalata amene alowa pa imelo mwezi uno, pali imodzi imene yandikhala pamtima. Yachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza amene ali ndi mwana wamkazi wa zaka 3. Alamu ake a ku Blantyre amapita ndi mwana wawo kukalasi ya nyimbo Loweruka lililonse, ndipo mavidiyo ake amagwa pagulu la WhatsApp la banja: tiana takhala mozungulira pakapeti tikugwedeza maseche, aphunzitsi ali pa kiyibodi. Mayiyu akufunsa ngati nayenso ayambe kukwera minibasi ndi mwana kupita m'tauni, kapena agule kiyibodi yaing'ono, poopa kuti wake atsalira. Pomaliza walemba kuti kwathu kuno ana alibe pophunzirira nyimbo.

Achemwali, mawu omaliza amenewo ndi amene andilembetsa zambiri chonchi, ndiye mupirire nane.

Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi kumbali ya Makwasa. Mayi ankalawirira kuesiteti kukathyola tiyi kusanache, dengu lili kumsana, choncho masana onse tinkakhala ndi agogo. Palibe tsiku limene munthu anatikhazika pansi n'kunena kuti lero tiphunzira kuyimba. Koma kunalibenso ntchito imene inkagwiridwa kukamwa kuli chete. Pamtondo azakhali awiri ankasinja molandizana, musi wina ukukwera wina ukutsika, ndipo nyimbo inkayenda potsatira kugunda kwa misiyo. Ife tinkakhala chapatali ndi kachitini ndi kamtengo, kusinja mchenga, ndipo ukaphonya kugunda mnzako ankakuyang'ana ndi diso. Khanda likavuta, agogo ankalibereka n'kumayendayenda pakhonde, dzanja lili kumbuyo likuligundagunda pang'onopang'ono mogwirizana ndi kanyimbo kapansipansi. Madzulo kunali nthano. Agogo akati "Padangotero", tonse "Tili tonse", ndipo pakati pa nthano pankakhala nyimbo, iwo kutsogolera ife kuvomereza. Tikavomereza mwaulesi nthano inkaimira pomwepo mpaka titadzuka bwinobwino. Loweruka mawu a kwaya ankamveka kuchokera kutchalitchi, popeza Malamulo, mishoni ya Adventist imene inayamba mu 1902, inali pafupi, ndipo nyimbo zake zinafalikira m'midzi yonse yozungulira, ngakhale kwa anthu a mipingo ina.

Zonsezi ndinadzazimvetsa nditabereka wanga woyamba. Mnyamatayo anachedwa kuyankhula. Anzake akulankhula ziganizo, iye ankangoloza chala n'kumang'ung'udza. Amene anadutsamo akudziwa mmene anthu amalankhulira: wina akuti ndi chibadwa cha kuchimuna, wina akuti pali dzanja la munthu, wina akungokuyang'ana mwachifundo. Usiku tulo sindinkatiwona. Kusikelo anandilangiza kuti akamuone makutu, ndinapita naye, ndipo anapezeka kuti akumva bwino. Anandiuza kuti ndizilankhula naye kwambiri, ndizimuyimbira, ndipo ndidzabwerenso.

Nthawi yomweyo mayi anabwera kudzakhala nafe. Ndinkawayang'ana akumusambitsa m'beseni pakhonde. Ankayimba kanyimbo kamodzimodzi tsiku ndi tsiku, kafupi, akumuthira madzi ndi kapu motsatira kugunda kwake. Akafika pa liwu lomaliza ankaima, kapu ili m'mwamba, maso ali tong'o pa iye, kukamwa atatsegula, osatulutsa mawu. Ankadikira. Poyamba mwana ankangoseka. Kenako anayamba kutulutsa kamawu kosamveka kuti madzi atsike. Patapita nthawi liwu lija linatuluka lathunthu, ndipo mayi analulutira mpaka aneba anasuzumira. Sindikunena kuti nyimbo ndi mankhwala, ndipo aliyense amene mwana wake akuchedwa kuyankhula ayambe wapita kuchipatala. Koma ndinaona ndi maso anga chimene kudikira kuja kunkachita: mwana ankadziwa chimene chikubwera, ankachifuna, ndipo mpata woti achinene yekha unalipo.

Mayi sanapite ku sukulu ya nyimbo. Komabe amene anayambitsa njira zimene makalasi ambiri a ana amatsatira akanawaona, akanagwedeza mutu kuvomereza. Shinichi Suzuki wa ku Japan anayambira pa mfundo yakuti mwana aliyense amaphunzira chiyankhulo cha mayi ake popanda buku, pongomva tsiku lililonse ndi kubwereza, ndiye nyimbo nazo ziphunzitsidwe chimodzimodzi. M'njira yake kholo limakhala nawo m'kalasi n'kukapitiriza kunyumba, ndipo kuwerenga manotsi kumabwera pambuyo. Zoltán Kodály wa ku Hungary anayenda m'midzi ya kwawo kuyambira mu 1905 kutolera nyimbo za anthu wamba, ndipo anakakamira kuti mwana ayambe ndi mawu ake, osati chida, komanso ayambe ndi nyimbo za chiyankhulo chake. Do, re, mi amene aphunzitsi a njira yake amagwiritsa ntchito ndi solofa yemweyo amene akwaya athu amalemba pabolodi ku Mulanje Mission ndi m'matchalitchi ena, ndipo solofayo anafalitsidwa ndi John Curwen ku England. Carl Orff wa ku Germany pamodzi ndi Gunild Keetman ankayamba ndi kuwomba m'manja, kuponda pansi, kutchula mawu motsatira kugunda, ng'oma, ndi timatabwa toyalidwa mondondozana toimbidwa ndi timitengo. Aliyense wokulira kuno akaona timatabwato amakumbukira mangolongondo.

Ndiye chimene alamu anu akulipira Loweruka n'chabwino ndithu, ndipo musawanyoze. Akulipira ola limodzi loti kholo likhale pansi ndi mwana, foni ili m'chikwama, n'kuyimba naye limodzi. M'tauni, momwe agogo ali kutali ndipo geti ndi lotseka, ola limenelo ndi lofunika kugula. Chimene sindingavomere ndi chakuti mayi wa ku Luchenza, pakati pa Thyolo ndi Mulanje, azidziona ngati alibe kanthu.

Ndipo pano ndinene mosabisa. Amene amauza makolo kuti mwana akamamvera nyimbo zachizungu amakhala wanzeru akugulitsa mantha. Nkhani imeneyi inachokera pa kafukufuku wa mu 1993 ku yunivesite ya California ku Irvine. Amene anayesedwa anali ophunzira a pakoleji, osati makanda. Anamvera nyimbo ya Mozart kwa mphindi 10, anachita bwinoko pang'ono pa mayeso okhudza maonekedwe a zinthu, ndipo kusiyanako kunatha pasanathe mphindi 15. Basi. Koma nkhani inakula mpaka mu 1998 bwanamkubwa wa boma la Georgia ku America anapempha ndalama zoti khanda lililonse lobadwa kumeneko lizipatsidwa chimbale cha nyimbo zoterezi. Mpaka lero mphekesera yake ikuyendabe, ndipo yafika m'magulu athu a WhatsApp. Mwana sakula ndi nyimbo yongomuthira m'makutu. Amafuna nkhope yomuyang'ana, munthu womudikira, ndi dzanja lomugwira. Khanda limayamba kumva mawu a mayi ake lili m'mimba miyezi yomaliza, ndipo likabadwa mawu amenewo limawazindikira. Palibe sipika imene ingalowe m'malo mwake.

Chimene chimandipweteka kwenikweni si Blantyre. Ndi kuchepa kwa kuyimba m'nyumba zathu. Chigayo chinatipumuza ku mtondo, ndipo palibe mayi amene angafune kubwerera kukasinja chimanga cha banja lonse ndi manja, koma nyimbo za pamtondo zinapita nawo limodzi. Nthano za madzulo zinalowedwa m'malo ndi kanema. Mwana akalira mu minibasi, chofulumira ndi kumupatsa foni, ndipo ndimamvetsa, chifukwa kutopa kwa mayi amene wachokera kumunda kapena kumsika si kwamasewera. Komatu bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere zapasikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Tinyimbo ta pa YouTube sitiima pa liwu lomaliza kudikira mwana. Timangopitirira, amve asamve.

Palinso manyazi amene tinaphunzitsidwa. Ndamvapo alezi a kumkombaphala akunena kuti makolo amakwiya mwana akabwerako akuyimba Chichewa kapena Chilomwe, amati sitinalipirire zimenezo. Ndiye tiana timaloweza tinyimbo ta Chingerezi tonena za chipale chofewa chimene sitinachionepo, osamva ngakhale liwu limodzi. Chingerezi adzachiphunzira, ndipo n'chofunika, koma mwana wa zaka 3 amagwira msanga nyimbo imene mawu ake akuwamva, yonena za nkhuku, mvula ndi agogo. Ena amati ng'oma ndi zachikunja. Aliyense ali ndi chikhulupiriro chake ndipo sindikukakamiza munthu kuvina chimene mpingo wake umakaniza. Koma tizidziwa kuti tchopa, gule wa Alomwe, analembedwa ndi UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Pitani kwa Chonde mwezi wa Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mukaone tiana tili m'mphepete mwa bwalo tikutsanzira mapazi a akuluakulu amene abereka zikopa ndi katundu kumsana. Palibe amene akutiwerengera wani, thu, firii, koma kugunda kwa ng'oma tikukutsatira osaphonya.

Mangolongondo aja anyamata ankawayala pa mathunthu awiri a nthochi, n'kumaimba awiri moyang'anizana akulondera m'munda. Ndi liti pamene munawamva komaliza? Nthochi zenizenizo za ku Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka tikuona, mpaka misika inayamba kudalira zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ndikuopa kuti nyimbo za ana zikuyenda njira yomweyo, kuti tidzazigula kwa ena pamene zinali kuseri kwa nyumba.

Ndisanaiwale, popeza tikukamba za makutu a ana: amayi, tisamakhale ndi makanda pafupi ndi masipika pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa msonkhano wa chitsitsimutso. Phokoso lalikulu limawononga tizigawo ta mkati mwa khutu timene sitimeranso. Ngati inuyo mukuchita kukuwa kuti mnzanu wapafupi akumveni, ndiye kuti kwa mwana amene ali kumsanayo lapyola kale. Sunthirani kumbuyo.

Nanga kiyibodi?

Musagule panopa. Tizala ta mwana wa zaka 3 sitinakhwime, ndipo aphunzitsi ambiri a piyano amadikira mpaka zaka 5, 6 kapena 7. Tikiyibodi totchipa tambiri timangokhala ndi batani loimba lokha, mwana amadina n'kukhala womvera, kenako mabatire atha. Akadzafika msinkhu umenewo ali ndi chidwi, yambirani kwa amene amaimba kiyibodi kutchalitchi kwanu, ambiri amakondwa kuphunzitsa mwana. Kupulayimale adzakumananso ndi phunziro la Expressive Arts, ngakhale m'kalasi yodzaza ndi ana mphunzitsi sangathe kumvetsera mawu a mwana mmodzimmodzi, n'chifukwa chake za kunyumba zili zofunika.

Za ulendo wa ku Blantyre, ganizirani mwana wa zaka 3 atapanikizika mu minibasi kupita ndi kubwera chifukwa cha kalasi ya ola limodzi lokha. Adzafika atatopa, adzabwerako akugona. Mukadzapita kukacheza kwa alamu anu, pemphani mukalowe nawo tsiku limodzi, mukaone mmene aphunzitsi akuchitira, mutengeko zimene zakusangalatsani. Ndalama ya thiransipoti ya Loweruka lililonse ija isungeni.

M'malo mwake itanani amayi atatu kapena anayi a ana a msinkhu womwewo, ndi agogo mmodzi amene amadziwa nyimbo zakale, kaya wa Chilomwe kaya wa Chimang'anja. Yalani mphasa pamthunzi, mphindi 20 zakwana. Muziyamba ndi nyimbo imodzimodzi yotchula dzina la mwana aliyense, kenako yowomba m'manja, ina yovina mozungulira imene mumaimitsa mwadzidzidzi kuti onse aume, ina yotsogolera ndi kuvomereza, n'kumaliza ndi yogonetsa mwana ali pamiyendo panu. Musasinthesinthe nyimbo, ana amakonda zobwereza. Maseche pangani ndi timabotolo tapulasitiki muikemo nandolo wouma, koma mutseke zolimba n'kumata, chifukwa njere ikalowa pakhosi kapena m'mphuno ndi ngozi. Chigubu chopanda kanthu ndi ng'oma yokwanira. Mwana amene akungoyang'ana osayimba musamukakamize, mudzamumva akuyimba yekha kubafa. Ndipo inuyo muziyimba, ngakhale mumati mawu anu ndi oipa, chifukwa mukakhala chete iyenso akhala chete. Ngati kwanuko kuli sukulu ya mmera mpoyamba, kambiranani ndi alezi, ambiri ndi ongodzipereka ndipo angalandire ndi manja awiri makolo obwera kudzayimba nawo ana asanamwe phala. Nyimbo za agogowo muzijambule pa foni, mudzanditumizireko pa imelo yomweyi pamodzi ndi dzina la dera limene zachokera, chifukwa amayi ena awiri a ku Chitakale ndi ku Bvumbwe andifunsa kale komwe angazipeze.