Achimwene, musanamate za bushido pakhoma, mverani izi

Mwati Loweruka lililonse mumaphunzitsa anyamata karate, ndipo mukufuna kumata pakhoma makhalidwe asanu ndi awiri aja a bushido, njira ya asamurai, asilikali akale a ku Japan, komanso mwafunsa buku loti muyambire. Buku lilipo, koma muliwerenge mukudziwa amene analilemba.

Yambani ndi la Nitobe Inazo, Bushido: The Soul of Japan. Ndi lalifupi, ndipo popeza ndi lakale limapezeka laulere pa intaneti. Mndandanda mwaupezawo, wa chilungamo, kulimba mtima, chifundo, ulemu, kunena zoona, kusunga mbiri yabwino ndi kukhulupirika, kwakukulu unachokera m'mitu ya bukuli. Komatu Nitobe anabadwa mu 1862, ndipo ulamuliro wa asamurai ukugwa mu 1868 n'kuti ali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mu 1876 boma linawaletsa ngakhale kuyenda ndi malupanga. Iye anali Mkhristu, mkazi wake anali wa ku America, ndipo bukulo analilemba cha m'ma 1900 m'Chingelezi, polembera azungu. Mwini wake akufotokoza kuti katswiri wina wa malamulo wa ku Belgium anamufunsa kuti ana a ku Japan amaphunzira bwanji khalidwe pomwe kusukulu kulibe phunziro la chipembedzo. Bukulo ndi yankho la funso limenelo. Ndiye munthu poyankha mlendo amaonetsa chipinda chosesa bwino.

Asamurai a nthawi ya nkhondo zenizeni sanali otero. Mu 1582 Oda Nobunaga, amene anatsala pang'ono kugwirizanitsa dziko lonse, anafera pakachisi wa Honnoji atamuukira kazembe wake yemwe, Akechi Mitsuhide. Pa nkhondo ya Sekigahara mu 1600, Kobayakawa Hideaki anatembenukira anzake nkhondo ili mkati, ndipo zimenezo zinathandiza Tokugawa Ieyasu kupambana. Zolemba zambiri zotamanda kukhulupirika zinabwera pambuyo pake, m'zaka zoposa 250 za mtendere wa a Tokugawa, pamene msamurai anali kalaliki wa malupanga awiri, wolandira malipiro a mpunga, akudzifunsa kuti msilikali wopanda nkhondo ntchito yake n'chiyani.

Apa ndiye pali chenjezo langa lenileni. Wina akuuzani za buku la Hagakure. Inuyo werengani, koma anyamata musawapatse. Mawu ake ndi a Yamamoto Tsunetomo wa ku Saga, amene sanaponde pabwalo la nkhondo n'kamodzi komwe. Mbuye wake atamwalira mu 1700 anafuna kudzipha kuti amutsatire, koma mwambowo unali utaletsedwa, choncho anakakhala kwayekha ngati mmonke, ndipo mnyamata wina ndiye ankalemba zonena zake mpaka cha m'ma 1716. Mfundo yake yotchuka ndi yakuti njira ya msamurai imapezeka mu imfa. Anafika podzudzula ngakhale asamurai 47 otchuka, amene anabwezera imfa ya mbuye wawo Asano popha Kira, ati chifukwa anadikira nthawi yaitali m'malo mongothamangira pompo. Bukuli linakhala zaka zambiri likudziwika kwawo kokha, kenako linatchuka m'ma 1930, asilikali a boma atalikonda. Mu 1941 nduna ya zankhondo Tojo Hideki anatulutsa malangizo ouza msilikali kuti asalole manyazi ogwidwa wamoyo, ndipo anyamata ambirimbiri anafa nawo maganizo amenewo. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, amene mwina walephera mayeso kapena wanyozedwa pagulu, si woti muzimuuza kuti manyazi amachotsedwa ndi imfa.

Muwauzenso kuti ulemu wa msamurai sunkafika kwa aliyense. Lamulo linkamulola kutema ndi lupanga mlimi kapena wamalonda amene wamuchitira chipongwe, ngakhale kuti pambuyo pake ankayenera kukadzifotokoza.

Chinanso, mwina chikudabwitsani: karate sinachokere kwa asamurai a ku Edo (Tokyo wa lero) ayi. Kwawo ndi ku Okinawa, ndipo Funakoshi Gichin, yemwe anali mphunzitsi wa sukulu, ndiye anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Iyeyu anasiya mfundo makumi awiri zolembera ophunzira karate enieniwo. Yoyamba imati karate imayamba ndi ulemu n'kuthera pa ulemu, yachiwiri imati wa karate sayamba ndiye kumenya. Kwa ine izi ndizo zoyenera pakhoma lanu, chifukwa mnyamata angathe kuzigwiritsa ntchito Lolemba pomwe, wina akamuputa popita kusukulu.

Nkhani za asamurai musazitaye, anyamata amazikonda. Tengani ya 47 ija, muwafotokozere mpaka pomwe boma linawalamula kudzing'amba pamimba mu 1703, ndi kuti manda awo pakachisi wa Sengakuji ku Tokyo anthu amakafukizapo zonunkhira mpaka lero. Mukatero afunseni ngati anachita bwino, muwasiye atsutsane. Anthu ophunzira a ku Japan anatsutsana za nkhani yomweyi kuyambira nthawi imene inachitika. Mukafuna kuzama panokha, pali buku la Oleg Benesch la mu 2014, Inventing the Way of the Samurai, koma ndi lolemera ndithu, muyambe mwamaliza la Nitobe.