Kodi ndikachepetsa ntchito ndichimwa?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Mwachidule akuti amagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina ndipo amaweruka kutada. Loweruka amagulitsa kaunjika. Lamulungu mapemphero akatha kuli kwaya, kenako komiti ya zomangamanga. Kuchipatala awapeza ndi BP. Atauza mkulu wa mpingo wina kuti akufuna kutulako zina, anawayankha kuti wosagwira ntchito asadye. Ndiye akufunsa ngati kuchepetsa ntchito kuli tchimo.

Mayi, si tchimo ayi, ndipo vesi limenelo akuluwo alikokera kolakwika. Pa 2 Atesalonika 3:10 Paulo ankadzudzula anthu okana dala ntchito, ongoyendayenda m'makomo kulowerera za eni ake, kumadya thukuta la anzawo. Munthu wa ntchito zitatu ngati inu vesilo silikumukhudza.

Ntchito payokha ndi yabwino. Adamu anapatsidwa munda kuti aulime ndi kuusamala tchimo lisanalowe (Genesis 2:15). Chimene tchimo linabweretsa ndi minga ndi kuvutikira. Yesu anali mmisiri wa matabwa, Paulo ankasoka mahema. Apa palibe mkangano.

Pamene ndikufuna tichedwepo ndi pa Deuteronomo 5:12-15. Ambirife lamulo la Sabata tinaliloweza kuchokera mu Eksodo 20, pomwe chifukwa chake ndi chakuti Mulungu anapuma atalenga. Koma mu Deuteronomo chifukwa chake ndi china: kumbukira kuti unali kapolo ku Igupto. Aisraeli ankamudziwa bwino bwana wosalola kupuma. Atapempha kuti akapembedze, Farao anawatcha aulesi, nawamana udzu woumbira njerwa, koma chiwerengero cha njerwa osachitsitsa. Tsono mawu oti kupuma ndi ulesi si atsopano, ndipo woyamba kuwalankhula m'Baibulo si Mulungu. Kapolo mtengo wake amauyeza ndi njerwa zimene waumba. Mwana wa pakhomo samuyeza choncho. Tsiku lopuma linaperekedwa kuti sabata iliyonse anthu azikumbukira kuti iwo ndi ana.

Ndipo Mulungu anadziwiratu chowiringula chathu choti panopa nthawi yathina. Eksodo 34:21 akunena kuti upume ngakhale m'nyengo yolima ndi yokolola. Aliyense amene anapalirako chimanga mu Januwale akudziwa kulemera kwa lamulo limeneli.

Thupi nalo lili ndi malire ake. Mu 2021 mabungwe a WHO (loona zaumoyo padziko lonse) ndi ILO (loona za ntchito padziko lonse) anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko kapena matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Tawerengani maola anu, muphatikizepo ndi a kumsika omwe. Kuno kwathu lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata, kupyola apo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa, komanso limati wantchito apume maola 24 akagwira masiku 6 otsatizana. Ngati kukampani kwanu izi sazitsata, wofunika kulapa ndi abwana, osati inu.

Sindikufuna kulankhula ngati wokhuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri malipiro amodzi anasiya kuwafikitsa kumapeto kwa mwezi. Pali lendi, fizi, achibale kumudzi. Kaunjika wanuyo mwina ndi amene akuphunzitsa ana, ndiye sindinganene mwachibwana kuti musiye. Koma khalani pansi ndi abambo akunyumba, ngati alipo, muunike ntchito iliyonse payokha. Ina ikudyetsa banja. Ina mukuigwira chifukwa cha mantha a mawa, ngati Aisraeli aja anasunga mana m'chipululu mpaka m'mawa n'kuwapeza atagwa mphutsi. Ina mukungoopa kuti mukakana anthu adzati chiyani. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi komitiyo. Inde, ya kutchalitchi yomweyo. Mipingo yathu ili ndi chizolowezi chosenzetsa katundu yense munthu mmodzi amene sakana, mpaka Lamulungu limasanduka tsiku lotopetsa kuposa Lolemba. Mose ankagwira ntchito ya Mulungu yeniyeni, kuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma apongozi ake a Yetero anamuuza mosabisa kuti zimenezo si zabwino, adzalema, agawireko ena (Eksodo 18). Kalankhuleni ndi abusa, muwauze zimene adokotala anena, mutule udindo umodzi. Tchalitchicho chidzamangidwabe.

Chotsala ndi funso limene simunandifunse. Muli ndi mtsikana wantchito pakhomo? Deuteronomo yemwe uja akuti wantchito wako apume monga iwe. Ngati amadzuka inu musanadzuke, n'kugona inu mutagona, Lamulungu n'kutsala akuchapa inu muli kukwaya, pokonza ndondomeko yanu yatsopano muikemonso tsiku lake lopuma.